Ndinachonga Kope la Mkamwini Wanga

Ndinaphunzitsa ndakatulo za Chingerezi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo khumi ndi zinayi mwa zakazo ndinali mkulu wa ochonga mayeso a boma pa phunziroli. Sindikudzitama ayi. Ndikungofuna mulidziwe dzanja limene linachita zimene ndikufotokozerenizi. Dzanja langa lamanjali silidziwa kukhala chete maso akamawerenga. Mukandipatsa pepala lolembedwa ndi munthu, kaya ndi kalata ya maliro kaya mndandanda wa zokagula kumsika, bolopeni yofiira imatuluka yokha m'thumba la malaya, ndipo pomwe ndizizindikira ndimakhala nditachonga kale theka la tsamba. Malemu mkazi wanga ankabisa makalata ake pansi pa matiresi chifukwa cha khalidweli. Ana asukulu ankanditchula kuti Achonga. Ndinkadziwa, ndipo dzinalo linkandikomera.

Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndinapatsidwa, anakwatiwa ndi mphunzitsi. Mphunzitsi wakenso wa ndakatulo za Chingerezi zomwezo, ngati kuti padziko panalibe akalipentala kapena madalaivala. Mkamwini wangayo sankandigwira mtima. Wolankhula motsitsa, woseka asanamalize zimene akunena, nsapato zake zosaonapo polishi. Kangapo konse anabwera kwanga ndi kope lake lokonzera maphunziro, lachikuto chakuda, n'kuliika patebulo pafupi ndi chigongono changa.

"Bambo, mukapeza kampata mungoponyamo diso," ankatero.

Ine ndinkalikankhira kumbali, nthawi zina n'kuikapo kapu ya tiyi. Sindinalitsegule ngakhale kamodzi. Ndinkadziwa kuti ndikalitsegula ndilichonga, ndipo ndinali nditagamula kale mumtima kuti munthuyo ndi wa malikisi asanu ndi awiri pa 20. Ndinkati ndikupulumutsa mwana wanga ku manyazi.

Mkamwini wangayo anamugwira Lachiwiri m'mawa, ali pakati pophunzitsa. Amuna atatu a ku ofesi ya zachitetezo analowa m'kalasi osagogoda, anamulanda choko, anatenga kope lakuda lija, n'kumukweza m'galimoto ana akuonerera pamawindo. Mwana wanga anafika kwanga masana atanyamula jekete la mwamuna wake, fumbi la choko lidakali pamkono. Sankalira. Milomo yokha ndiyo inali itauma gwa.

"Akuti wanyoza Bwana Wamkulu," anatero. "Ndi ndakatulo, bambo. Ndakatulo ya pa silabasi yomwe ija, ya wotchi."

Ndakatuloyo ndinkaidziwa ngati chikhatho changa. Ndi yakalekale, ya zaka mazana atatu. Imanena za munthu wosunga wotchi ya pansanja pakati pa tauni. Munthuyo wakalamba, mawondo atha, sangathenso kukwera masitepe kukapukusa wotchiyo. Wotchi yaima pa 12 koloko masana. M'malo mopereka kiyi wa nsanja kwa wina wamawondo, iye akulamula kuti kuyambira tsiku limenelo nthawi izikhala 12 koloko basi, ndipo aliyense wopezeka akuyang'ana kutalika kwa chithunzithunzi chake pansi azikwapulidwa. Mwana aliyense wokhoza mayeso amadziwa yankho lake: wosunga wotchi ndi mfumu ya Angerezi ya nthawi imeneyo, nsanja ndi ufumu, kiyi ndi ulamuliro. Ndinachonga yankho limenelo maulendo osawerengeka, mpaka ndinkalilota.

Vuto linali lakuti Bwana Wamkulu wathu anali atalamula dziko zaka makumi atatu, ndipo chaka chimenecho anthu anali atayamba kunong'onezana kuti amachita kumunyamula pokwera masitepe a ndege. Kholo lina la mwana wa m'kalasimo linamva za ndakatuloyo pakhomo, n'kuthamangira kukanena. Tsoka silinunkha.

Patatha masabata awiri ndinalandira kalata yondiitana ku ofesi ija. Anthu akumeneko Chingerezi cha m'mafomu amachitha, koma cha ndakatulo chimawazunguza mutu, ndiye ankafuna katswiri woti awerenge kopelo n'kulemba lipoti. Loya anauza mwana wanga kuti lipotilo ndilo mlandu wonse. Katswiri akalemba kuti manotsiwo ndi a silabasi basi, munthu atuluka. Akalemba kuti akunena za Bwana Wamkulu, ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Mwana wanga anandisitira malaya yekha. Atamaliza anagwada pafupi ndi mpando wanga, zimene anali atasiya ali kamtsikana.

"Bambo, ndikudziwa simumukonda. Sindikupempha kuti mumukonde. Mungolemba kuti mulibe kanthu mmenemo."

"Dzuka iwe," ndinamukalipira. "Ukuona ngati ndine chitsiru? Ntchito ya maola awiri imeneyo. Konzeratu madzi osamba a mwamuna wako."

Ndinanena choncho, ine, ndi pakamwa pangapa.

Ofesiyo inali pansanjika yachitatu ya nyumba yopanda chikwangwani. M'khonde munali mabenchi awiri aatali, anthu atakhala phee, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Anandilowetsa m'chipinda chokhala ndi tebulo lachitsulo, mipando iwiri, kabati ya mafayilo yosatsekeka bwino, ndi chithunzi cha Bwana Wamkulu cha nthawi imene tsitsi lake linali lakuda bii. Pakhoma panali wotchi. Ndinaiyang'anitsitsa dala. Inkayenda bwinobwino.

Wofufuza mlanduwo atalowa ndinamuzindikira ngakhale anali atanenepa khosi. Anali mwana wanga wasukulu wa zaka makumi awiri zapitazo, amene anzake ankamutcha Chakumbuyo chifukwa ankakhala pabenchi yomalizira, pafupi ndi matsache. Pa ndakatulo ya wotchi yomweyi ndinamupatsa malikisi atatu, n'kuwerenga yankho lake mokweza kalasi yonse ikuseka.

"Aphunzitsi!" anatero, akundigwira dzanja ndi manja awiri. "Mukadali olimba ndithu. Ife kuno ndife mbuli, inu mukudziwa bwino kuposa wina aliyense. Tithandizeni."

"Ukudziwa kuti munthuyu ndi mkamwini wanga?"

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Koma ndinauza abwana anga kuti Achonga sakondera. Angalepheretse ngakhale mayi awo owabereka."

Anaseka, inenso ndinaseka. Anandiikira kope lakuda lija patebulo, mapepala a boma anayi, bolopeni ya buluu yolembera lipoti, ndi kapu ya tiyi. Anati andisiya ndekha maola awiri kuti pasakhale wondisokoneza. Potuluka anayang'ana thumba la malaya anga. Ndinaona kuti wayang'ana, koma ndinangoti mwina pali dontho la tiyi.

Ndinatsegula kopelo ndi mtima woti ndingodutsamo mwachangu. Tsamba loyamba linali zimene ndinkayembekeza: mfumu, ufumu, kiyi. Tsamba lachiwiri ndinakhala tsonga. Mkamwini wanga anali atawerenga mizere yonse ndi khutu, n'kuona kuti paliponse pamene wosunga wotchi akuyesa kukwera masitepe, mzere umafupika, umapunthwa, moti wowerenga naye amachita befu. Ine zaka zonse zija ndinkauza ana kuti pamenepo mlakatuli anangofooka luso. Tsamba lachinayi anali atalemba za chithunzithunzi: kuti mfumu ikhoza kuimitsa wotchi chifukwa wotchi ndi yopangidwa ndi anthu, koma chithunzithunzi chimatalika chokha, ndiye chotsala n'kuletsa maso.

Kenako ndinafika pamene panandiimitsa mtima. M'ndakatuloyo muli ndime yaitali yonena za mphunzitsi wa m'tauniyo, amene m'mawa uliwonse amaimika ana pansi pa nsanja n'kumawaphunzitsa kuwerenga wotchi yoimayo. Ife ochonga tinkaidumpha ndimeyo, tinkati ndi nthabwala zongokometsera. Mkamwini wanga anali ataona kuti mphunzitsiyo ali ndi kawotchi kake m'thumba, kamene mlakatuli akukatchula kamodzi kokha, ndipo kakuyenda. Pansi pake analemba kuti mkwiyo wa mlakatuli suli pa nkhalamba ya mawondo akutha ija ayi, chifukwa ukalamba si mlandu. Uli pa anthu amene akuidziwa nthawi.

Ndinaiwala kumene ndinali. Ndikunena zoona, Mulungu ndi mboni. Ndinaiwala mabenchi a m'khonde, ndinaiwala chithunzi chapakhoma, tiyi anazizira. Ndinali ndi chimwemwe chimene wochonga amakhala nacho mwina kawiri pa moyo wake wonse, pamene wadutsa m'mapepala mazana a ana oloweza ngati zinkhwe, kenako n'kupeza limodzi la munthu amene waonadi. Ndinkangoti, "Eya! Eya, mwana iwe!" ndekhandekha m'chipinda cha anthu a zachitetezo. Ndinkauza ana anga asukulu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene anadekha anali uyu wa nsapato zosapolishayu.

Tsamba lomaliza linali ndi funso lofunsa kalasi: kodi wotchi ya m'tauni mwanu ikuti nthawi ili bwanji, ndipo kiyi ali ndi yani? M'munsi mwake analemba yankho lake la iye mwini, loti ndakatuloyi sinafe pamodzi ndi mfumu yake, ili moyo paliponse pamene munthu watha mawondo koma wakakamira kiyi, ndipo ana athu safunika kukwera sitima kuti akaione nsanja imeneyo.

Pamenepo ndinadzidzimuka n'kukumbukira chimene ndinabwerera. Ndinatseka kopelo, n'kutenga bolopeni ya buluu. Ndinalemba masamba anayi a bodza laukhondo. Ndinati manotsiwa ndi wamba, otengedwa m'mabuku ovomerezeka, kuti wosunga wotchi ndi mfumu yachingerezi imene inaola kalekale, ndipo kuti funso lomaliza ndi njira yachizolowezi yodzutsira ana ogona m'kalasi. Ndinasaina. Ndinadziona ngati ngwazi.

Chakumbuyo anabwera maola awiri atakwana ndendende. Anawerenga lipoti lonse modekha, milomo ikuyenda monga ankachitira pabenchi yake ija, akugwedeza mutu.

"Ndiye mulibe kanthu, aphunzitsi?"

"Mulibe. Mwavutitsa munthu pachabe."

"Chabwino," anatero. Anakoka kope lakuda lija n'kulitsegula pakati.

Kalanga ine! Tsamba lonse linali psuu. Anatembenuza lina, psuu. M'mphepete monse munali zochonga zanga, zija za mchira wautali zimene mwana aliyense amene anadutsa m'manja mwanga angazizindikire ali mtunda. Pena ndinali nditadula mzere pansi pa mawu. Pa ndime ya mphunzitsi wa kawotchi ndinali nditachonga kawiri. Ndinagwira thumba la malaya: munalibe kanthu. Bolopeni yofiira inali patebulo, pafupi ndi kapu, chivindikiro chili pambali.

Chakumbuyo anawerenga zochongazo ndi chala, chimodzichimodzi, osafulumira. Zinakwana makumi anayi ndi chimodzi. Atafika tsamba lomaliza analitembenuzira kwa ine. Pafupi ndi mawu onena za munthu wotha mawondo ndinali nditachonga katatu, n'kulemba m'Chingerezi mawu awiri otanthauza kuti ndi momwemodi. Pansi pake panali 18 pa 20, nditazunguliza bwinobwino, kenako siginecha yanga ndi tsiku, monga malamulo a ochonga mayeso amanenera.

"Munkatiuza chiyani kusukulu kuja, aphunzitsi?" anafunsa motsitsa. "Munkati pakamwa pa mphunzitsi pakhoza kukunyengerera, koma inki yofiira sinama. Ine ndinaloweza zimenezo. Ndi chinthu chimodzi chokha chimene ndinaloweza."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Tsopano ndili ndi mapepala awiri a katswiri mmodzi," anapitiriza. "La buluu likuti mulibe kanthu. Lofiira likuti muli kanthu, ndipo kanthuko n'koona. Ndikapita nawo onse awiri kwa abwana anga, anena kuti nkhalamba iyi yagwirizana ndi mawu onyoza, yasaina, kenako yanamiza boma. Imeneyo ndi milandu iwiri. Pa msinkhu wanuwu simungatuluke wamoyo, ndipo mkamwini wanu sapulumukabe, chifukwa zochongazi sizifufutika. Koma mukandilembera lipoti lina, lonena kuti munaika chizindikiro paliponse pamene mwapeza mawu onena za Bwana Wamkulu, ndiye kuti zofiirazi ndi ntchito ya boma imene mwagwira mokhulupirika. La buluuli ndiling'amba inu mukuona."

"Nanga malikisiwo?" ndinafunsa. Tangoganizani, funso la munthu wamkulu limenelo.

"Tinena kuti ndi muyeso wa kukula kwa mlandu," anatero, ndipo sanaseke.

Anatulutsa mapepala ena anayi m'kabati. Ndikhoza kukuuzani kuti ndinaganiza za mwana wanga, kuti atsala wopanda mwamuna ndi bambo yemwe. Ndinaganizadi zimenezo, koma pambuyo pake, nditafuna chodzikhululukira nacho. Panthawiyo ndinkangoganiza za simenti yozizira ya m'ndende, za chikhodzodzo changa chimene chimandidzutsa kanayi usiku, za anthu a m'khonde aja oyang'ana nsapato. Ndinachita mantha, basi. Ndinatenga bolopeni ya buluu ndi kulemba. Ndipo popeza zimene ndinkalemba ulendo uno zinali zoona, lipotilo linatuluka labwino kuposa loyamba. Ndinafotokoza mawondo, ndinafotokoza kiyi, ndinafotokoza chithunzithunzi, momveka bwino moti ngakhale mwana wa pabenchi yakumbuyo akanamva.

Mlandu unatenga m'mawa umodzi. Kalaliki wa khoti anawerenga lipoti langa mokweza, akupunthwa pa mawu aatali, ndipo ine ndinakhalira dzanja langa kuti lisayambe kumuchonga. Mkamwini wanga anaima m'bokosi atameta mpala, ataonda moti kolala inkamuzungulira. Anamupatsa kope lija kuti avomereze kuti ndi lake. Analitsegula, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana tsamba lomaliza, mpaka woweruza anachita kumudzudzula. Zaka zisanu ndi ziwiri, ndi ntchito yakalavulagaga.

Panja mwana wanga sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

"Zaka zisanu wakhala akukupemphani kuti muliwerenge," anatero. "Kunyumba kwanu, patebulo panu, pamene kukanakhala kungomwa tiyi. Mwakaliwerengera kumeneko."

Anakwera basi osandidikira. Kuyambira tsiku limenelo amanditumizira chakudya kudzera mwa mnansi, koma pakhomo panga saponda. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Kwathu kuno zinadyedwa ndi wamkulu, n'kupota ana.

Panadutsa miyezi isanu ndisanalimbe mtima kupita kundende. Ndinanyamula sopo, shuga ndi bulangete. Pachipata anandisecha, n'kundilanda lamba ndi bolopeni yofiira, imene ndinali nditaiika m'thumba m'mawa umenewo osaganiza n'komwe. Chipinda chochezera chinali chachitali, chogawidwa pakati ndi waya wa sefa, anthu akukuwa mbali zonse ziwiri kuti amvane. Ndinali nditakonza mawu m'basi monse. Ndinkafuna kumuuza za malipoti awiri aja, za mantha anga, kuti anditukwane ndipumeko.

Anamubweretsa. Mano awiri akutsogolo kunalibe, ndipo manja ake, aja a choko, anali atang'ambikang'ambika. Anagwira waya ndi zala n'kuwerama pang'ono mwaulemu monga ankachitira pakhomo panga.

"Bambo, mwayenda bwanji? Miyendo ija ikukulolani?"

"Akamwini," ndinayamba, "ine ndabwera kuti..."

"Pepani bambo, nthawi amatipatsa yochepa. Pali chinthu chimodzi chakhala chikundisowetsa mtendere." Anasendeza nkhope pafupi ndi waya. "Malikisi aja. Anachita kukuuzani kuti mulembe, kapena anali anu?"

Ndinamuyang'ana. Maso ake anali ngati a mwana wa fomu yoyamba amene waima pakhomo la ofesi ya aphunzitsi kudikira pepala lake.

"Anali anga," ndinatero. "Zonse zofiira zija zinali zanga. Palibe anandigwira dzanja."

"Ndi pa mphunzitsi wa kawotchi paja? Munachonga kawiri."

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri sindinakaone kawotchi kameneko. Inu munakaona."

Anatseka maso n'kupumira m'mwamba, ndipo anamwetulira ndi nkhama zake zoperewera manozo. Ine misozi inali ikutsikira m'kolala, osaibisa. Woyang'anira akaidi anamenya chitsulo ndi ndodo, kusonyeza kuti kwatsala mphindi imodzi.

"Nanga malikisi awiri osowawo, bambo?" anafunsa mofulumira. "Ndakhala ndikubwereza kope lonse m'mutu ndikamaswa miyala, tsamba ndi tsamba, koma sindikupeza. Ndinalakwitsa pati?"

Ndinafunafuna bodza loti ndimupatse, koma onse ndinali nditawathera pa mapepala a boma.

"Simunalakwitse paliponse," ndinatero. "Ine sindinapatsepo munthu 20."

Anaseka, kuseka kwake kuja kosamaliza mawu, ndipo ankasekabe pamene woyang'anira anamugwira pamkono n'kumutembenuza. Kumsana kwa malaya ake kunali nambala yolembedwa ndi penti. Zinali zitamutsalira zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Pachipata anandibwezera lamba. Msilikali wa pachipatapo ananditambasulira bolopeni ija, ine ndinapitirira ngati sindinaione.

"Madala!" anakuwa. "Mwaiwala cholembera chanu!"

Anandithamangira mpaka pamsewu, mwana waulemu wake, n'kundiikira yekha m'thumba la malaya.